FRIDTJOF NANSEN, NKHOSWE YA ANTHU OPANDA DZIKO

Pa 15 December 1921 boma latsopano la Soviet Russia linalengeza lamulo lakuti onse amene anacoka m'dzikomo popanda cilolezo cace kuyambira mu November 1917, pamodzi ndi amene anagwira mfuti kulimbana nalo, salinso nzika zace. Anthu amene lamuloli linawagwera anali pafupi-fupi miliyoni imodzi, ndipo ena amawerenga kuposa pamenepo. Anali omwazikana ku Constantinople, ku Bulgaria, ku Yugoslavia, ku Berlin, ku Paris, kufikira ku Harbin m'dziko la China. Ambiri anali nao mapasipoti a boma lakale la mfumu, koma boma limenelo linali litatha, ndipo mapepala ace anasanduka zinyalala.

Munthu akakhala ku dziko la eni, nkhoswe yace ndi boma la kwao, limene limamuyankhulira kupyolera mwa kazembe. Akamangidwa, kazembe amafunsa cifukwa cace. Akafuna kukwatira, kulembetsa mwana kapena kuoloka malire, boma la kwao ndilo limacitira umboni kuti iye ndani. Anthu a ku Russia aja analibe wowacitira zimenezi. Apolisi a dziko limodzi amawapitikitsira ku malire usiku, apolisi a tsidya linalo nawamanga cifukwa colowa popanda cilolezo, ndipo akatuluka m'ndende amabwezedwanso kumene anacokera. Munthu amene bungwe la maiko la League of Nations linamuika kuti akhale nkhoswe yao, miyezi yocepa lamulo lija lisanalengezedwe, sanali loya kapena mbusa. Anali Bambo Fridtjof Nansen a ku Norway, a zaka 59, amene dziko lonse linawadziwa cifukwa ca maulendo ao a pa madzi oundana.

UBWANA NDI MAULENDO A KUMPOTO

A Nansen anabadwa pa 10 October 1861 pa malo ochedwa Store Frøen, pafupi ndi mzinda wa Christiania, umene lero uchedwa Oslo. Atate ao anali loya woopa Mulungu ndi wosakonda masewera pa nchito. Amai ao ndiwo anazoloweza ana kukhala panja, ndipo mnyamatayo anakula akusambira, kuwedza nsomba ndi kugona m'nkhalango masabata angapo. Anali katswiri poyenda pa ski, ndiwo matabwa atali opyapyala amene anthu a kumpoto amamanga kumapazi kuti aziterereka pa cipale cofewa. Mu 1881 analowa yunivesite nasankha maphunziro a zamoyo, ndipo caka cotsatira anakwera combo ca alenje cochedwa Viking kupita ku nyanja zozizira za kumpoto. Atabwerako anagwira nchito zaka zisanu ndi cimodzi ku nyumba yosungira zamoyo ku Bergen, kumene anafufuza za mitsempha ya tizilombo ta m'nyanja ndi kulandira digiri ya udokotala mu 1888.

M'caka comweco anacita cinthu cimene akatswiri anaciyesa misala. Cisumbu cacikulu ca Greenland ncokutidwa ndi madzi oundana, ndipo panalibe amene anali atacidutsa pakati. Ena amene anayesapo amayambira kumadzulo, kumene kuli midzi, cotero zinthu zikabvuta amabwerera. A Nansen anayambira kum'mawa, kumene kunalibe cothawirako, kuti gulu lao lidziwe kuti moyo uli kutsogolo kokha. Anali anthu asanu ndi mmodzi, awiri mwa iwo a mtundu wa Sami. Ananyamuka pa 15 August akukoka okha zileyi za katundu, kuzizira kukufika madigiri 45 kunsi kwa ziro, ndipo a Nansen anafika ku Godthaab, kumene lero ndi Nuuk, pa 3 October. Combo comaliza ca caka cimeneco cinali citapita kale, motero anakhala miyezi yonse ya cisanu pakati pa eni dziko, a mtundu wa Inuit. Anagona m'nyumba zao, anadya cakudya cao, anaphunzira kupalasa timabwato tao ta zikopa. Buku limene analemba za anthuwa mu 1891 linadzudzula azungu anzao cifukwa coononga miyambo ndi umoyo wa eni dziko m'dzina la citukuko, mau amene sanali kumveka kawiri-kawiri ku Ulaya m'masiku amenewo pamene maiko a kumeneko anali kugawana Africa.

Atabwerera kwao mu 1889 anakwatira Eva Sars, woimba wochuka, ndipo anabereka naye ana asanu.

Ulendo umene unawachukitsa koposa unayamba ndi zidutswa za combo. Combo ca ku America cochedwa Jeannette cinaphwanyidwa ndi madzi oundana kumpoto kwa Siberia mu 1881, ndipo patapita zaka zitatu zina za katundu wace zinapezeka ku gombe la Greenland, tsidya lina la nyanja. A Nansen anaganiza kuti madzi oundanawo amayenda, ndi kuti combo colimba cingathe kutengedwa nao mpaka pafupi ndi North Pole, nsonga ya kumpoto ya dziko lapansi. Mmisiri Colin Archer anawapangira combo ca mimba yobulungira ngati mbale, kuti madzi oundana akacipana cizikwera pamwamba m'malo mophwanyika. Anacicha Fram, kutanthauza kuti patsogolo. Cinanyamuka mu June 1893 ndi anthu 13, ndipo cinacita monga anaganizira, koma cinali kuyenda pang'ono-pang'ono kwambiri. Pa 14 March 1895 a Nansen anasiya combo, natengana ndi Hjalmar Johansen ndi agalu 28 kupita kumpoto pa zileyi. Mu April anafika pa madigiri 86 ndi mphindi 14, kumene munthu anali asanafikeko, nabwerera cifukwa cakudya cinali kutha. Cisanu cinawapeza pa zisumbu za Franz Josef Land. Anamanga kanyumba ka miyala kofolera ndi zikopa, nakhalamo miyezi isanu ndi itatu akudya nyama ya zimbalangondo zoyera. Mu June 1896 anakumana mwamwai ndi Mngelezi Frederick Jackson, amene anawatumiza kwao pa combo cace. Anafika ku Norway pa 13 August, ndipo Fram nayo inafika patapita sabata imodzi, popanda munthu ngakhale mmodzi wotayika.

Kuchuka kwao kunathandiza dziko lao. Pamene Norway inapatukana ndi Sweden mu 1905, a Nansen analemba nkhani m'manyuzipepala a kunja kufotokoza mlandu wa anthu a kwao, ndipo ndiwo anatumidwa kukakambirana ndi Prince Carl wa ku Denmark, amene anadzakhala Mfumu Haakon VII. Anakhala kazembe woyamba wa Norway ku London kuyambira 1906 mpaka 1908. Mkazi wao anamwalira mu December 1907 iwo ali pa nchito imeneyo. Zaka zotsatira anabwerera ku maphunziro a za nyanja, amene anali nchito ya pamtima pao, ndipo botolo limene anapanga lotungira madzi a pansi pa nyanja linagwiritsidwa nchito ndi akatswiri kwa zaka zambiri.

AKAIDI A NKHONDO NDI NJALA

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha mu 1918, asilikari zikwi mazana anatsala m'misasa ya ukaidi, ena ku Siberia, ena ku Germany, akufa ndi matenda ndi cisanu. Maboma a kumadzulo sanali kuyankhulana ndi boma la Soviet, ndipo boma la Soviet silinali kuzindikira League of Nations. Mu April 1920 League inapempha a Nansen kuti abweze akaidiwo kwao. A ku Moscow anabvomera kukambirana nao monga munthu payekha, osati monga mtumiki wa League, ndipo iwo sanataye nthawi kukangana za dzina. Anabwereka zombo, nagwirizana ndi Red Cross, nayamba kuolotsa anthu pa nyanja ya Baltic. Pofika mu 1922 anapereka lipoti lakuti akaidi 427,886 abwerera kwao.

Nchito imeneyi isanathe, cilala cinagwa m'cigwa ca mtsinje wa Volga ndi ku Ukraine, pa dziko limene linali litaonongeka kale ndi nkhondo ya paciweniweni ndi kulandidwa kwa mbeu za alimi. Mu September 1921 a Nansen anaima pamaso pa msonkhano wa League ku Geneva kupempha ngongole ya mapaundi 5 miliyoni yogulira cakudya. Anakumbutsa nthumwi kuti ku America tirigu anacuruka caka cimeneco ndipo zombo zinali cikhalire m'madoko. Maboma anakana, poopa kuti cakudyaco cidzalimbitsa ulamuliro wa cikomyunizimu. Iwo anapita okha ku Volga kumapeto kwa caka, najambula zithunzi za ana otupa mimba ndi mitembo younjikidwa, nayenda nazo m'mizinda ya ku Ulaya kupempha anthu wamba. Cakudya cambiri cinadzacokera ku bungwe la ku America lotsogozedwa ndi Herbert Hoover, limene linafika podyetsa anthu 10 miliyoni, ndipo ca a Nansen cinali cocepa poyerekeza. Ngakhale zinali tero, anthu pafupi-fupi 5 miliyoni anafa. Kukana kwa ku Geneva kuja kunawapweteka a Nansen moyo wao wonse.

Njalayi inawabweretseranso bvuto lina. Pa 1 September 1921 anali atayamba udindo wa High Commissioner, mkulu woyang'anira othawa kwao a ku Russia. Ambiri mwa othawawo anali adani a boma la Soviet, ndipo poona nkhoswe yao ikukhala pa tebulo limodzi ndi akulu a ku Moscow, anainena kuti ndi bwenzi la amene anawapitikitsa. A Nansen anagwirira nchito anthu amene ambiri a iwo sanawakhulupirire, ndipo sanalandire malipiro pa udindowo.

PEPALA LIMODZI

League inawapatsa ndalama zoyendetsera ofesi cabe. Zodyetsera anthu anayenera kupempha kwa mabungwe acifundo. Ku Constantinople kokha kunali kutafika anthu pafupi-fupi 150,000 mu November 1920, pa zombo zoposa 120, atagonja asilikari a General Wrangel ku Crimea. Akulu a nkhondo anali kugulitsa maluwa m'miseu, aphunzitsi kutsuka mbale. A Nansen anaona kuti kudyetsa khamu lotere sikungathe, ndi kuti ambiri angathe kudzidyetsa okha ngati aloledwa kupita kumene kuli nchito. France, imene inataya amuna ambiri pa nkhondo, inali kusowa anchito m'mafakitale ndi m'minda. Cimene cinatsekereza njira cinali pepala.

Anaitanitsa msonkhano ku Geneva, ndipo pa 5 July 1922 maboma 16 anagwirizana za cikalata cimene dziko linadzacidziwa ndi dzina lakuti pasipoti ya Nansen. Sinali kuperekedwa ndi League iai. Boma la dziko limene wothawayo akukhalamo ndilo linali kuilemba, m'cinenero cace ndi m'Cifalansa, ndi cithunzi ca mwini wace, dzina lace, kumene anabadwira ndi nchito yace. Inali kugwira nchito caka cimodzi, kenaka nkukaikonzanso. Maboma ena analonjeza kuizindikira ndi kudindapo viza monga amacitira pa pasipoti ya nzika. Acikulire amene anaona nthawi ya atsamunda muno m'Zambia akumbukira citupa, cimene munthu wakuda amayenera kuyenda naco, ndi mmene anthu anaziochera mu 1961 pa nthawi ya Cha Cha Cha. Citupa cinali comangira munthu m'dziko lace lomwe, pamene pepala la a Nansen linali lomasulira munthu m'dziko la eni, koma onse awiri anaphunzitsa eni ace kuti wapolisi amayamba kuyang'ana pepala asanayang'ane nkhope.

Pasipotiyi inali ndi zoperewera zazikulu, ndipo a Nansen anazidziwa. Sinakakamize dziko lina lililonse kulandira munthu. Sinapatse mwini wace ufulu wogwira nchito. Poyamba sinamulole ngakhale kubwerera ku dziko limene linampatsa, cotero maboma ena amaipereka mokondwa monga njira yocotsera alendo, ndipo maboma ena amakana kudinda viza podziwa kuti munthuyo akalowa sadzakhala ndi kobwezedwa. Zinatenga zaka zinai kuti pangano la 1926 lilangize maboma kulembapo cilolezo cobwerera. Pangano lomwelo linayambitsa sitampa ya mafranki asanu a golide, yokhala ndi nkhope ya a Nansen, imene othawa kwao opezako bwino amagula caka ndi caka, ndalama zace nkupita m'thumba lothandizira anzao osauka. Motero mbali ina ya nchitoyi inalipiridwa ndi othawa kwao eni ace.

Mu 1924 pasipotiyi inaperekedwanso kwa anthu a ku Armenia, amene anapulumuka kuphedwa kwa mtundu wao m'ufumu wa Ottoman kuyambira 1915, ndipo mu 1928 kwa Asuri ndi magulu ena ocepa. Pamapeto pace maboma 52 anaizindikira, ndipo anthu pafupi-fupi 450,000 anailandira. Ena mwa iwo anali ochuka, monga wolemba mabuku Vladimir Nabokov ndi wojambula Marc Chagall, koma unyinji unali wa oyendetsa matakisi ku Paris, anchito a m'migodi ndi osoka zobvala. Panali ena amene sanaione konse. Anthu a ku Italy amene anathawa ulamuliro wa Mussolini anasiyidwa kunja, cifukwa Italy inali ndi mpando wokhazikika m'bwalo lalikulu la League ndipo panalibe boma lofuna kuikhumudwitsa. Wothawa kwao anali kuwerengedwa malinga ndi mtundu wace, ndipo mtundu umalembedwa pokha-pokha ngati maboma amphamvu alola.

Pepala lopanda woliyang'anira silicedwa kunyozedwa. Ici ndico cifukwa cace a Nansen anaika nthumwi zao m'mizinda ikulu-ikulu ya maiko olandira othawa kwao. Nchito ya nthumwi inali kuwerenga anthu ndi kulemba luso la ali yense, kuyendera misasa, kumva madandaulo, kupita ku unduna kukadandaulira munthu amene walamulidwa kucoka m'dziko, ndi kutumiza malipoti ku Geneva. Kuyambira 1925 mpaka 1929 nchito yofunira anthu malo a nchito inaperekedwa ku bungwe la International Labour Office, koma za malamulo ndi citetezo zinatsala m'manja mwa a Nansen. Pangano la 30 June 1928 linafotokoza bwino zimene nthumwi ingacite: kucitira umboni kuti munthu ndani, kuti ngokwatira kapena ai, kuti masatifiketi ace a sukulu ndi a nchito ngoona, kuti khalidwe lace nlabwino, ndiponso kumpemphera viza, cilolezo cokhala m'dziko ndi malo a sukulu. Zonsezi ndi nchito za kazembe. Kusiyana kwace nkwakuti kazembe amakhala ndi boma ndi asilikari kumbuyo kwace, pamene nthumwi ya a Nansen inali ndi dzina la nkhalambayo basi. Maiko ambiri anatenga panganoli monga uphungu cabe. France ndi Belgium ndiwo anasainirana pangano lapadera lopatsa nthumwizo mphamvu zeni-zeni.

A Nansen poyamba anakhulupirira kuti mankhwala eni-eni ndi kubwerera kwao. Mu 1922 anagwirizana ndi boma la Soviet kuti asilikari wamba, makamaka a mtundu wa Cossack amene anali ku Bulgaria, abwerere popanda kulangidwa, ndipo anaumirira kuti nthumwi zao ziloledwe kuwayendera m'midzi yao kukaona ngati lonjezolo likusungidwa. Anthu zikwi zingapo anabwerera. Nchitoyi sinakhalitse: boma la Bulgaria linagwetsedwa mu June 1923, olamulira atsopano anakayikira kuti a ku Moscow akugwiritsa nchito mwaiwo kufalitsa ndale zao, ndipo ku Russia nako nthumwi sizinapitirize kuloledwa. Koma mfundo yakuti wobwerera abwerere mwa kufuna kwace, ndi kuti pakhale womutsatira kukaona mmene akukhalira, inayesedwa koyamba pamenepo.

GREECE NDI ARMENIA

Mu September 1922 asilikari a Turkey anagonjetsa a Greece, mzinda wa Smyrna unapsa, ndipo Akristu a m'dziko la Turkey anathawira ku nyanja. M'miyezi yocepa Greece, dziko la anthu ngati 5 miliyoni, linalandira pafupi-fupi miliyoni ina, ambiri a iwo akazi, ana ndi okalamba. Anagona m'masukulu, m'machalichi, ngakhale m'nyumba ya zisudzo ya ku Athens. A Nansen anafika msanga ndi mahema, cakudya ndi mankhwala, ndipo anaona kuti anthuwa sadzaloledwanso kubwerera. Anapereka maganizo akuti Asilamu a ku Greece asamukire ku Turkey, kuti minda ndi nyumba zao zipatsidwe kwa obwerawo nthawi yobzala isanapite.

Pangano linasainidwa ku Lausanne pa 30 January 1923, ndipo kusamukako kunali kokakamiza. Akristu oposa 1.2 miliyoni, kuphatikiza amene anathawa kale, anakhala a ku Greece, ndipo Asilamu oposa 350,000 anatumizidwa ku Turkey. Coyesera cinali cipembedzo. Akristu a ku Cappadocia amene amayankhula Cituruki cokha anapezeka ali ku Greece, Asilamu a pa cisumbu ca Crete amene amayankhula Cigiriki anapezeka ali ku Turkey, ndipo onse anachedwa alendo kumene anafika. Olemba mbiri akali kutsutsana za amene anayamba kunena kuti kukhale kokakamiza, pakuti mbali zonse zinakana mlanduwo. Cimene cili poyera ncakuti dzina la a Nansen lili pa nchito imene inapulumutsa miyoyo yambiri ndi kuzula anthu osalakwa pa manda a makolo ao, ndipo atsogoleri ena a pambuyo pace anaitenga monga citsanzo pofuna kusamutsa mitundu yathunthu. Mbali imene inayenda bwino inali yokhazika anthu: ndi ngongole imene League inathandiza kupeza, midzi yatsopano yambiri-mbiri inamangidwa kumpoto kwa Greece.

Mu December 1922 analandira mphotho ya Nobel ya mtendere, ndipo ndalama zace anazipereka ku nchito yothandiza anthu, kuphatikizapo mafamu ophunzitsira ulimi ku Russia ndi ku Ukraine.

Nchito imene inawalemera koposa m'zaka zao zomaliza inali ya anthu a ku Armenia. Maiko opambana nkhondo anali atawalonjeza dziko lao-lao, koma pangano la mtendere la ku Lausanne silinawachule nkomwe. Mu 1925 a Nansen anapita ku Soviet Armenia ndi akatswiri a ulimi wothirira, nayendera cigwa couma ca Sardarabad, nabwera ndi pulani yokumba ngalande kuti othawa kwao zikwi makumi akhazikike kumeneko. Caka ndi caka anapempha ngongole ku Geneva, ndipo caka ndi caka maboma akulu, makamaka Britain, anakana kuika ndalama m'dziko lolamulidwa ndi Moscow. Anthu zikwi zocepa ndiwo anasamuka, ndi ndalama zopempha kwa anthu wamba, ndipo ena anathandizidwa kumanga ku Syria ndi ku Lebanon. Ku Armenia dzina lao likali pa miseu ndi masukulu, ndipo ku Yerevan kuli cipilala cao.

Mlembi wao pa ulendo umenewo, amenenso anawathandiza pa njala ya ku Ukraine, anali msilikari wa ku Norway dzina lace Vidkun Quisling. Munthu ameneyu anadzagulitsa dziko lace kwa Hitler mu 1940, ndipo anaphedwa mwa lamulo mu 1945. Pa nthawi yomweyo mwana wa a Nansen, Odd, amene mu 1936 anayambitsa bungwe lothandiza Ayuda ndi ena othawa ulamuliro wa Nazi, anali mkaidi ku msasa wa Sachsenhausen, ndipo anatulukako wamoyo.

A Nansen sanazione zimenezi. Anamwalira ndi matenda a mtima pa 13 May 1930 ku nyumba yao yochedwa Polhøgda, ku Lysaker, ali ndi zaka 68. Mwambo wa maliro unacitika pa 17 May, tsiku la cikondwerero ca dziko la Norway, popanda zoyankhula, koma nyimbo zokha, ndipo phulusa lao linaikidwa pansi pa mtengo m'munda wa pa nyumbapo.

League inatsegula ofesi yochedwa ndi dzina lao, imene inagwira nchito mpaka 1938 ndi kulandira nayonso mphotho ya Nobel m'caka cimeneco. Mu 1933 panalembedwa pangano loyamba loletsa boma kubweza wothawa kwao ku malire a dziko limene anathawa, koma maiko amene analibvomereza sanafike khumi. Pangano la United Nations la 1951 ndilo linasonkhanitsa zimene a Nansen anayamba: gawo 28 likunena za cikalata ca ulendo, gawo 33 likuletsa kubweza munthu kumene moyo wace uli pangozi, ndipo gawo 35 likulamula maboma kugwirizana ndi ofesi ya High Commissioner pa nchito yace yoyang'anira mmene panganolo likusungidwira. Nalonso poyamba linali la zocitika cisanafike caka ca 1951, ndipo maso ace anali pa Ulaya. Malire amenewo anacotsedwa mu 1967, ndipo mu 1969 maiko a mu Africa, pa msonkhano wa OAU ku Addis Ababa, analemba pangano lao-lao limene linawerengeranso othawa nkhondo, ulamuliro wa alendo ndi cipwirikiti.

Zambia inalowa m'pangano la 1951 m'caka comweco ca 1969, itayamba kale kulandira othawa nkhondo za ufulu m'maiko oyandikana nayo. Mayukwayukwa inatsegulidwa mu 1966 ndipo Meheba mu 1971, makamaka cifukwa ca anthu a ku Angola. Ku cigawo ca kum'mawa, anthu oposa 20,000 a ku Mozambique anakhala pa Ukwimi kuyambira ca m'ma 1987, akulima minda yao, kufikira atabwerera kwao pambuyo pa pangano la mtendere la 1992. Mendulo ya Nansen, imene inayamba kuperekedwa mu 1954 kwa Mai Eleanor Roosevelt, inapita kwa Sir Seretse Khama a ku Botswana mu 1978, kwa Mwalimu Julius Nyerere a ku Tanzania mu 1983, ndi kwa Mai Graça Machel a ku Mozambique mu 1995.